Ankhoswe a Malemu Filipo

Diepsloot, Joni
19 Juni 2022

Amake Madalo,

Ndikhulupirira mukudzuka pamodzi ndi ana, ngakhale kuti masiku ano kudzuka kwake n'kongokakamiza. Ine kuno ndilipo. Kwazizira moti madzi a m'ndowa akumauma pamwamba m'mawa. Musadabwe kuona zilembo zanga zikukhotakhota, dzanja lamanja likuvutako pang'ono koma si nkhani.

Ndapatsira kalatayi a Kondwani, oyendetsa galimoto ya katundu aja, chifukwa pa foni sitingalankhule zakukhosi. Kuti mundimve bwino mpaka mukwere pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo mukakwera pamenepo mudzi wonse umamva nawo.

Pepani, Faines. Pepani kwambiri. Filipo anali mlongo wanu, koma kwa ine sanali mlamu chabe. Timagona chipinda chimodzi, kudya m'poto mmodzi, ndipo ndikalowa m'nyumba muno ndimayembekezabe kumumva akuimba nyimbo zake zija zosadziwika poyambira. Ndinalephera kubwera ndi maliro pa zifukwa zimene ndidzakuuzeni pamaso. Wina asakunamizeni kuti ndinaumirira ntchito.

Mwandifunsa kawiri kuti zinakhala bwanji, ndiye mverani. Timapaka pulasitala pa nyumba yosanjikizana. Nsanja ya zitsulo imene timakwerapo, kuno amati sikafodi, sinali ya abwana athu. Anabwereka ku kampani ina, ndipo anthu a kampaniyo ndiwo anaimanga. Filipo anawauza kuti ikugwedera, kuti mbali ina sanaimangirire kukhoma. Anamuseka, amvekere Amalawi mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe. Sabata yomweyo nsanja inapita pansi. Iye anali pamwamba, ine m'munsi mwake. Sanavutike nthawi yaitali. Zinazo musandifunse.

Anthu kumeneko akuti inali ngozi, ena akuti ndi nthawi yake. Ine ndikukana. Ngozi ndi mphenzi. Apa anthu anauzidwa, anaseka, munthu wafa. Mtima wanga ukuwawa ndipo sindikufuna kuti uleke kuwawa msanga.

Ku mpingo wathu wa Amalawi kuno anandilozera kwa loya wina, mayi Priscilla. Akuti lamulo la dziko lino limati munthu akafa chifukwa cha kusasamala kwa ena, amene ankadya thukuta lake, mkazi ndi ana, ali ndi ufulu wofuna chipukuta misozi, ngakhale akhale kutali ngati ku Ntchisi. Olipira adzakhala a inshuwalansi a kampani ya sikafodi ija. Mayiwa sakufuna kanthu panopa, adzatapako mlandu ukatikomera. Andichenjeza kuti zimatenga nthawi. Ndawauza kuti ndine mlimi wa fodya, kudikira ndinaphunzira.

Ndamva zimene zinachitika pa maliro, kuti a Alexio, amalume ake a Mirriam mkazi wa Filipo, anapempha kuti bokosi likafike kaye ku Malomo, m'nyumba imene Filipo anamangira mkazi wake ndi ana, koma amalume anu a Kalebe analamula dalaivala kuti akhotere ku Msakambewa basi. Ndamvanso kuti kumanda anaponyerana mawu mpaka abusa kuyambitsa nyimbo pakati. Zandimvetsa manyazi. Anthu awiriwo ndiwo ankhoswe a ukwati umenewu.

Pitani ku Malomo mukamuone Mirriam, musadikire kuti wina akupatseni chilolezo. Shuga ndi sopo zili m'chikwama chofiira mugawane. Chimanga musagulitse ngakhale mavenda akome pakamwa bwanji.

Ndine wanu,
Aroni


Diepsloot, Joni
9 Okutobala 2022

Amake Madalo,

Moni kwa inu ndi ana. Ndamva kuti Madalo anadwala malungo, koma poti mwati wayambiranso kukana kutsuka mbale, ndiye kuti wachira. Ine ndili bwino. Dzanja lija khasu likugwira, pulasitala yekha ndiye likukana.

Ndasintha ntchito. Tsopano ndikusamalira maluwa ndi kapinga kwa gogo wina wachizungu ku Randburg, masiku ena pa sabata. Abwana akale aja sanandichotse ayi. Anangoti tidzakuitana, tsiku lomwe anamva kuti ndakafotokoza za sikafodi kwa loya. Mpaka lero akundiitanabe. N'chifukwa chake zimene ndatumiza ulendo uno zachepa. Yambani ndi feteleza wokulitsa, wobereketsa tidzaona mu Disembala. Malata adikire.

Amene anamva Filipo akuchenjeza za nsanja ija analipo ambiri, koma nditawauza za loya onse agwidwa matenda a kuiwala. Sindikuwada. Aliyense ali ndi ana kwawo, ndipo za mapepala athu ambirife mukuzidziwa. Mmodzi yekha, bambo wa ku Mozambiki, wavomera kuima nane.

Mayi Priscilla anandifunsa setifiketi ya ukwati wa Filipo ndi Mirriam. Ndinawauza kuti kwathu setifiketi imavala jekete ndipo imayenda pa njinga, dzina lake nkhoswe. Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. Analemba maina a a Kalebe ndi a Alexio, kenaka anati a inshuwalansi angathe kuimba foni kumudzi. Chonde kawauzeni amalume kuti munthu wachilendo akaimba kufunsa za Filipo, iwo anene kuti lankhulani ndi loya, basi, n'kudula. Ndikudziwa kuti kuwauza a Kalebe kuti alankhule pang'ono n'kuwapempha chinthu chachikulu.

Mwati Mirriam waonda ndipo mwana wake Sharon akumafunsa kuti adadi abwera liti ndi nsapato. Nsapatozo zilipodi, anagula. Ndazipatsira a Kondwani. Mukamupatse inuyo, ndipo musanene zambiri.

Ndine wanu,
Aroni


Diepsloot, Joni
26 Febuluwale 2023

Amake Madalo,

Muli bwanji kumeneko ndi mvula imene ndikuimvayi? Ine thupi lili bwino, koma mutu waima. Ndikulemba ndili ndi mkwiyo, ndiye pena ndikalumpha malire mundikhululukire.

Ndiyambe ndi zabwino. Oyendera malo a ntchito anapeza kuti nsanja ija sinamangiriridwedi kukhoma, monga ananenera Filipo. A inshuwalansi aona kuti pamenepo sangakane, avomera kuti kampani yawo inalakwa. Nditamva ndinatuluka panja n'kukhala pa njerwa. Mlamu wanga sanali wamantha, ankanena zoona.

Tsono imvani zimene achita amalume anu. A inshuwalansi anaimbadi foni, atapeza Mmalawi wowamasulira, ndipo anajambula mawu. Mayi Priscilla andimvetsera ndi makutu angawa.

Afunsa: "Pa ukwati wa Filipo munapereka ng'ombe zingati?"

A Kalebe, ndi mawu aja amalankhulira pa msonkhano wa mpingo: "Ng'ombe? Bambo, ife ndife Achewa. Mkazi sitigula ngati njinga. Ngakhale mchira wa ng'ombe sitinapereke."

"Nanga ku tchalitchi kapena ku boma anakalembetsa?"

"Sanapiteko. Mnyamatayo ananyamuka n'kukakhala kwa mkaziyo ku Malomo."

"Ndiye mayiyo ndi wa m'banja mwanu?"

"Amene uja ndi wa kwawo. Abale a Filipo ndife kuno."

Faines, chowawa n'chakuti sananame ngakhale pamodzi. Zonsezo n'zoona, ndipo ineyo amene ndinachoka ku Bowe kudzakhala chikamwini kwanu ndikuzidziwa bwino. Koma kuno ukwati wa makolo amaudziwira pa malowolo. Mwamuna wosapereka ng'ombe, wosalembetsa, wokakhala kwa mkazi, kuno amati ndi chibwenzi chogonera. Ndiye a inshuwalansi alemba kuti Filipo analibe mkazi. Akuti Mirriam sayenera kulandira kanthu, ndipo poti Takondwa ndi Sharon alibe zikalata zotchula bambo wawo, anawonso akuwakayikira. Ana ofanana ndi Filipo mpaka kayendedwe!

Ndinafunsa mayi Priscilla ngati zathera pomwepa. Akuti ayi. Khoti la kuno limalemekeza ukwati umene ndi wovomerezeka kwawo kwa anthuwo, ndipo apeza katswiri wa malamulo a ku Malawi woti afotokoze kuti kwathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe. Koma katswiriyo sanalipo pa chinkhoswe cha Filipo. Pakufunika ankhoswe eniake, onse awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, alumbire kuti ukwatiwu anaumanga ndi iwo. Mmodzi yekha sizikwana, makamaka poti winayo mawu ake ali kale m'manja mwa adani.

Ndiye taonani pamene tafika. Chakudya cha ana a Filipo chili m'kamwa mwa madoda awiri amene sapatsana moni.

Kodi uthenga wanga uja munawauza amalume? Sindikukuimbani mlandu, ndikungofunsa. Nyemba zikacha musunge za mbewu padera, chaka chatha munadya zonse.

Ndine wanu,
Aroni


Diepsloot, Joni
21 Meyi 2023

Amake Madalo,

Moni nonse. Ndasangalala kuti mwakolola bwino ndipo mbuzi yaswa. Ine ndilipo. Ndinasowa milungu ingapo osaimba chifukwa kunali kuyendayenda kwa apolisi kuno ndipo ndinakakhala kwa mnzanga kwina. Zatha, musade nkhawa. Pepaninso chifukwa cha funso langa lija. Ndamva kuti munawauza kawiri konse, iwo n'kukuyankhani kuti sanayambe aphunzitsidwapo kulankhula ndi mwana wamkazi.

Ndinawaimbira ndekha a Kalebe. Ndinayamba bwinobwino, kufunsa za miyendo yawo ndi za fodya. Nditafika pa nkhani anandidula.

"Aroni, ndalamazo zikabwera zifikira kwa yani?"

Ndinati kwa Mirriam ndi ana, ndi mmene lamulo likunenera.

"Ndiye ine ndikalumbire kuti chuma cha mwana wa mlongo wanga chikadyedwe ku Malomo, kwa anthu amene ananditukwana kumanda? Mbumba yake ili kuno. Faines ali kuno. Ndipo iwe ndiwe mkamwini, za pamudzi pano zisiye."

Anadula. Ndinaimbiranso a Alexio. Iwo akuti kulumbira alumbira ngakhale mawa, koma osati pa nkhani imodzi ndi munthu amene anamana ana kulira bambo wawo m'nyumba mwawo. Akuti a Kalebe ayambe abwera ku Malomo. Madoda awiri, imvi mbuu, kulimbirana kuti ayambe ndani kupereka moni, pamene Takondwa wasiya sukulu akukagulitsa mandasi pa siteji ya minibasi.

Faines, ine mawu anga pamudzi panu safika patali, amalume anena zoona. Koma inu ndinu mlongo wake wa malemu. Mbumba imene akuitchulayo ndinu. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani: kuti mukaime pamaso pa munthu amene anakulerani n'kumuuza kuti chimene akukumenyerani nkhondocho simukuchifuna. Ndikudziwanso kuti denga lathu likudontha ndipo ndalama imeneyo ikanatithandiza. Koma Filipo sanakwere nsanja ija chifukwa cha denga lathu.

Sindikuuzani kuti mukanene chiyani. Pa zaka zonsezi sindinakupambanenipo pa mkangano, ndiye sindikuona chifukwa choti amalume akupambaneni. Mayi Priscilla akuti khoti likatipatsa tsiku tilibe ankhoswe, mlandu wa Mirriam ugwa, ndipo sudzadzukanso.

Bulangete limene ndatumizalo ndi la ana, osati la alendo.

Ndine wanu,
Aroni


Diepsloot, Joni
13 Ogasiti 2023

Amake Madalo, mkazi wanga,

Moni, moni, moni! Ine ndili bwino kuposa masiku onse. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda, ndipo a Kondwani andiwonjezera zimene inu munabisa chifukwa cha ulemu.

Ndiye munapitadi m'mawa ndi dengu, n'kukhala pakhonde pa amalume, n'kunena kuti mwabwera kudzatenga nkhuku? A Kondwani akuti a Kalebe anafunsa kuti nkhuku yanji, inu n'kuyankha mofatsa, maso pansi:

"Thadzi limene munalandira kwa a Alexio pa chinkhoswe cha Filipo, amalume. Munadya ndinu, anthu akuona. Tsopano poti ku Joni mwanena kuti kunalibe ukwati, ndiye kuti munadya nkhuku ya eni popanda chifukwa. Gwirani lina ndikabweze ku Malomo. Ndikadzera pa msika kuti anthu adziwe kuti Takondwa ndi Sharon ndi ana a patchire, asamavutike kuwatchula dzina la kwathu."

Mayi inu! Ine ndikanakhala a Kalebe ndikanalowa pansi. Akuti amalume anati, "Ana a Filipo si a patchire. Ukwati umene uja ndinamanga ndine." Inu n'kuti, "Ndiye kaneneni kumene akufunsako, kuno tikudziwa kale." Ndiponso munawauza kuti ndalama ya magazi a mlongo wanu simudzaidya ana ake ali ndi njala. Pamenepo ndiye ndinaleka kuseka, ndinalira ndili ndekha m'chipinda.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Malomo. Ndimayesa akakangana kaye za amene ayambe kupepesa. Mwati a Kalebe atatsika minibasi sanapite kwa a Alexio, analunjika kunyumba ya Filipo, navula chipewa pakhomo, nalowa, nayamba kulira maliro. Maliro amene anawakaniza kulowa m'nyumba imeneyo anakawalira okha, chaka chitapita. Ndipo a Alexio atamva kulirako anabwera, nakhala pambali pawo. Sindikudziwa ngati pali kupepesa koposa pamenepo.

Mayi Priscilla nditawauza anaimirira n'kuwomba m'manja mu ofesi. Akuti madodawo sayenera kubwera kuno. Adzapita ku ofesi ya loya mnzawo ku Lilongwe, ndipo khoti lidzawaona ndi kuwamva pa kanema. Mirriam nayenso adzapite. Za ulendo alipira mayiwo.

Pali chimodzi choti mukamufunse Mirriam mwakachetechete. Loya akuti ankhoswe adzafunsidwa ntchito imene anagwirapo pa banjali, ndiye nkhani ya mkangano wawo wa chaka cha fodya uja ingathe kutuluka pagulu. Ngati sakufuna, anene.

Ndakugulirani chitenje. Musafunse mtengo.

Ndine wanu wonyada,
Aroni


Diepsloot, Joni
17 Marichi 2024

Amake Madalo,

Moni kwa inu, kwa ana, kwa amalume, kwa mbuzi ndi nkhuku zomwe. Ine ndili bwino. Ndikudziwa kuti mwamva kale pa foni kuti tapambana, koma ndinkangofuula, ndiye lekani ndikufotokozereni bwinobwino mmene zinayendera mbali ya kuno.

Kulowa m'khoti kunandiopsa, sindinama. Munthu wa mapepala ngati anga kudzipereka yekha pakhomo lodzaza apolisi! Ndinabwereka jekete, ndinapemphera, ndinalowa. Palibe anandifunsa kanthu. Kutsogolo kunali kanema wamkulu, ndipo atayatsa ndinangoona a Kalebe ali tswii, atavala tayi ya pa Isitala ija, akuyang'ana uku ndi uku kufuna kumene kukuchokera mawu.

Anayamba ndi katswiri wa malamulo uja, kenaka Mirriam. Analankhula motsitsa koma sanagwedezeke. Paja anakuyankhani kuti anene zonse, manyazi sangamulipirire ana sukulu. Anaimadi pa mawu akewo.

Ankhoswe anawalowetsa mmodzimmodzi kuti asamverane. Loya wa inshuwalansi anawawerengera a Kalebe mawu awo a pa foni aja, nafunsa ngati akuwakana.

"Sindikukana, ndi anga. Munandifunsa za ng'ombe, ndinakuyankhani za ng'ombe. Lero mwandifunsa za ukwati, ndikuyankhani za ukwati."

Anafotokoza za kufunsira, za tambala amene anapereka, za thadzi limene analandira. Kenaka anafunsidwa ngati anagwirapo ntchito ya unkhoswe chinkhoswe chitatha. Anapumira m'mwamba.

"Ndinagwira, bwana, ndipo inandiwawa. Chaka china mwana wanga Filipo anakagulitsa fodya ku Kanengo n'kuchedwako. Anabwera ndi wailesi yokha. Mkazi wake anamuikira zovala panja. Ndinapalasa njinga kuchoka ku Msakambewa mpaka ku Malomo, mapiri onse aja, pa msinkhu wanga uno. Tinakhala pansi ndi a Alexio mpaka anabwererana. Kodi munthu angapalase njinga choncho chifukwa cha chibwenzi?"

Atafunsidwa kuti wolakwa anali ndani, anati Filipo analakwa pang'ono, koma pakamwa pa mkaziyo panalinso moto. Atalowa a Alexio anafotokoza zomwezo, fodya yemweyo, wailesi yomweyo, zovala panja. Koma pa za wolakwa anati, "Mwana wathu analibe vuto ngakhale pang'ono. Vuto linali mowa wa mkamwini."

Loya wa inshuwalansi anaimirira msanga, akuti taonani, mboni zikutsutsana. Woweruza, mayi wachikulire wa magalasi, anavula magalasiwo napukuta m'maso. Anati wakhala akumva milandu ya mabanja zaka zambiri, ndipo sanaonepo akuchimuna ndi akuchikazi akugwirizana za amene analakwa. Khoti lonse linaseka, ndi loya wa inshuwalansi yemwe. Atabwera kopuma masana, loyayo anapempha kulankhula. Anati sakutsutsanso, Mirriam ndi mkazi wa malemu, ana ndi a malemu.

Faines, woweruza atanena mawu akuti mkazi wa malemu Filipo, ndinaona Mirriam pa kanema akuphimba nkhope ndi chitenje. Madoda awiri aja anali atawalowetsa onse, atakhala pa benchi imodzi kumbuyo kwake. A Alexio anatulutsa kampango napatsa a Kalebe. Ine ndinayesa kudzigwira, jekete ya eni, koma zinakanika. Bambo wa ku Mozambiki uja anandigwira paphewa mpaka tinatuluka.

Tapambana, mkazi wanga. Anamuseka ali moyo, anafuna kumufufuta atafa, koma dzina lake lalembedwa m'khoti la dziko la eni pamodzi ndi la mkazi wake ndi ana ake. Za kuchuluka kwa ndalama akambirana maloya okhaokha, ndipo sindidzazilemba m'kalata. Anthu akakufunsani muziti simukudziwa, chifukwa simukudziwadi.

Muwaphere nkhuku amalume. Thadzi.

Ndine wanu,
Aroni


Diepsloot, Joni
25 Ogasiti 2024

Faines,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chifuwa chija chinatha. Ine ndili bwino, dzanja lachira ndithu.

Zonse zatheka. Gawo la Mirriam lalowa ku banki m'dzina lake. La ana lasungidwa padera, lizituluka la sukulu ndi zofunika zawo mpaka atakula, ndipo palibe malume wa mbali iliyonse angalikhudze. Ndasangalala kumva kuti Takondwa abwerera ku sukulu teremu ikubwerayi, ndiponso kuti chiliza cha Filipo mwagwirizana kuti midzi yonse iwiri idzamangire limodzi. Ndinapita kukathokoza mayi Priscilla ndi nthochi ndi mtedza umene munatumiza. Anati mtedza wa ku Dowa ndi wonona, ndinati dikirani mudzaone akazi ake.

Tsopano nkhani yanga. Gogo wa maluwa uja akusamukira kwa mwana wake, ndiye ndapeza ntchito ina, ya pulasitala. Malipiro ake ndi abwino. Nyumba yake ndi yosanjikizana. Musayambe kulira, nsanja ndidzaigwedeza ndekha ndisanakwere, ndipo ikagwedera ndidzatsika ngakhale andiseke.

Koma chiyambireni kuganiza za kukweranso, pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Amalume anga a ku Bowe, amene anandiimira pa chinkhoswe chathu, anamwalira chaka chatha. Wotsala ndi a Kalebe okha, ndipo miyendo yawo mukuiona. Ine ndi inu tilibe pepala lililonse. Zitati zandichitikira zimene zinachitikira Filipo, munthu wina wa tayi adzalemba kuti Aroni analibe mkazi, ndipo sipadzakhala ankhoswe awiri okamutsutsa. Inu amene munamenyera nkhondo ukwati wa mnzanu mudzasowa wokumenyerani. Zimenezo sindingazilole.

Ndiye mu Disembala ndikubwera. Kalankhuleni ndi abusa atiikire tsiku, tikadalitse ukwati ndi kulembetsa, ana athu akhale kutsogolo. Madyerero akhale ochepa, koma diresi musankhe imene mtima wanu ukufuna.

Ndikudziwa kuti ndalemba ngati ndikulamula, pamene zoterezi amapempha. Ndiye ndayambiranso. Faines, mayi wa ana anga, ine Aroni wa ku Bowe, mkamwini wa denga lodontha, ndikukufunsirani. Poyamba paja munandizunguza miyezi yambiri musanavomere. Ulendo uno chonde fulumirani, Lolemba ndikukwera nsanja.

Ndine wodikira yankho,
Aroni